Tinatumidwa kukamubweza Namatemba

Tinali anayi m'chipinda chimodzi ku hositelo ya atsikana, kuyambira Fomu 1 mpaka tsiku lomwe tinalemba pepala lomaliza la MSCE. Atatu tili konkuno, tikuphunzira zauphunzitsi. Wachinayi ali ku Bunda. Dzina lomwe tinamupatsa likutichititsa manyazi tsopano, koma tilitchula chifukwa mwini wake analilandira ndi manja awiri mpaka kulilemba pa WhatsApp: Namatemba.

Mnzathuyu anakhoza kutiposa tonse. Biology, Chemistry ndi masamu sizinkamuvuta, moti aphunzitsi anali atamuveka kale chovala choyera cha kuchipatala m'maganizo mwawo. Ndiye mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma atatuluka, n'kuona kuti iye akupita ku LUANAR kukachita digiri ya Aquaculture and Fisheries Science, tinamuimbira foni yomupepesa. Tinkayesa kuti kompyuta ya ku NCHE yangomuponyako. Iye anatiuza kuti kosiyo anailemba yekha, pamwamba penipeni pa fomu. Chipepeso chinathera pomwepo, kunabwera phwete. Zaka 4 zathunthu kuphunzira nsomba? Asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Mangochi amazidziwa nsomba ndi mayina omwe, koma ambiri sanaponde pa yunivesite. Ife nsomba yomwe tinkaidziwa bwino ndi matemba ouma omwe ankabwera Lachitatu lililonse kusukulu kuja, ndipo dzina lija linachokera pamenepo.

Chifukwa chake tinkachidziwa, kungoti sitinachiwerengere. Kwawo ndi ku Thyolo, kumunsi kwa minda ya tiyi, ndipo bambo ake anali ndi damu la nsomba lomwe anakumba okha ndi khasu. M'mwezi wa Malichi 2023, ife tili Fomu 4, namondwe wa Freddy anagumula khoma la damulo, nsomba zonse n'kupita ndi madzi kutangotsala milungu yochepa kuti akolole. Ndalama ya nsombazo ndi yomwe imayenera kumalizitsa fizi yake ya teremu yomaliza. Chomwe chinamuwawa kwambiri, iye ananena, si madziwo ayi. Ndi kuona bambo ake akumanganso khomalo pamalo omwewo, m'njira yomweyo ya madzi, popanda ngalande yopatutsira madzi osefukira, chifukwa panalibe wowauza zina.

Chaka chathachi, sukulu zili pafupi kutsekera holide ya Disembala, amalume ake anatiimbira foni. Iwo ndi omwe amalipira fizi ndi ndalama ya chakudya. Ali ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Limbe, ndipo ndi munthu wosataya mawu. "Ana inu," anatero, "mnzanuyu ine sakundimva. Inu ndiye amakumverani. Mumuuze asiye zansombazi abwere kwanuko, adzakhale mphunzitsi. Mphunzitsi sagona ndi njala mwezi ukatha. Nsomba adzaweta akadzapuma ntchito." Anatitumizira ndalama ya minibasi pa foni. Tivomere pano kuti tinasangalala. Ndani sakondwa akauzidwa kuti njira yomwe anasankha ndiyo yanzeru? Tinanyamuka titagawana kale mfundo, wina ya ntchito, wina ya ulemu, wina ya fungo.

Tinafika Lamlungu madzulo kuli mitambo komanso chifundizi. Tinamupeza ali m'damu, madzi akulekeza m'chiuno, atavala kabudula wa mchimwene wake kunsi kwa chitenje. Damulo si lija la kale. Analikumba chapambali, kutali ndi khwawa, mamita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi, mbali ina lozama kuposa inzake, lokhala ndi paipi yolowetsera madzi kumtunda ndi ina yotulutsira kumunsi. Mu Okutobala anali ataikamo mbewu ya makumba 600, atatu pa sikweya mita iliyonse. Anatilandira ndi manja amatope, ndipo asanatifunse za ulendo anapisa mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Nkhope yake inasintha. Chikhatho chinali chitasowa mkono usanalowe ndi theka lomwe. Madziwo anali obiriwira kwambiri ngati msuzi wa chisoso.

"Adadi, mwathiramo chiyani muno?"

Bambowo anayankha mosangalala kuti mnzawo woweta nkhuku anawapatsa mawilibala awiri a zitosi, ndiye anathira zonse kuti nsomba zinenepe msanga. Mwana wawo sanawayankhe. Anangovuula matumba a manyowa omwe anali pangodya, n'kunena kuti mawa nsomba zisapatsidwe gaga. Ife tinayang'anizana. Tinaganiza kuti ndi matama a ana a ku Bunda.

Anatidzutsa nthawi isanakwane 5 koloko m'mawa. Kunali kusanayere bwino, koma tochi itawalitsa pamadzi tinaona timilomo mazanamazana tili pamwamba, tikutsekuka ndi kutsekeka. Nsomba zonse zinali zitakwera, zikupuma movutikira, ndipo sizinkathawa ngakhale munthu ayandikire. Namatemba anatsekula paipi ya kumtunda kuti madzi atsopano alowe, anatsekulanso ya kumunsi, natipatsa aliyense ndowa. Ntchito inali yotunga madzi a m'damumo n'kuwaponya m'mwamba kuti agwe ngati mvula. Mchimwene wake ankamenya madzi ndi nsungwi. Bambo aja anaima pakhoma atagwira m'mutu kwa kanthawi, kenaka nawo analowa ndi thalauza lomwe. Tinatero mpaka dzuwa linatuluka, mikono itauma. Nsomba zitayamba kumira n'kubwerera pansi, tinatola zakufa. Zinali 41.

Tikumwa tiyi pakhonde, ananena zomwe zinachitika, ndipo apa ndi pomwe manyazi athu anayambira. Manyowa m'damu sadyedwa ndi nsomba kwenikweni. Amameretsa tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, tomwe timabiriwitsa madzi, ndipo makumba amadya timeneto. Masana tizomerato timatulutsa mpweya wa okosijeni chifukwa cha dzuwa. Usiku dzuwa kulibe, ndiye timaleka kutulutsa koma timapitiriza kupuma, kulimbirana mpweya womwewo ndi nsomba. Zitosi zikamawola pansi nazo zimadya mpweya. Madzi ofunda sasunga mpweya wambiri ngati ozizira, ndipo kukachita mitambo masiku angapo tizomerato timapanga wochepa masana. Zonsezi zikakumana, mpweya umatheratu m'bandakucha, nthawi yomwe mwini damu ali m'tulo. Alimi ambiri akadzuka n'kupeza nsomba zili gada amati wina wathira mankhwala usiku, ndipo udani wa pamudzi umayambira pomwepo.

Anzathu a Education, mwaizindikira nkhaniyi? Ndi photosynthesis ndi respiration. Tonse atatu tinakhoza mafunso amenewa pa MSCE. Mmodzi wa ife akukonzekera kudzaphunzitsa Biology yemweyo. Tikhoza kulemba ma equation ake titatsinzina. Koma titaima pakhoma la damu dzulo lake, madzi obiriwira ali patsogolo pathu, mitambo ili kumwamba, palibe mwa ife anaona kuti kukubwera tsoka. Zomwe tinaloweza zinakhala m'kope, zomwe iye anaphunzira zinamudzutsa usiku. Ifenso pa Agriculture tinakoperapo notsi za ulimi wa nsomba, ndi chithunzi cha damu chojambula ndi rula, koma sukulu yathu inalibe ngakhale chithaphwi choti tikaonereko.

Masiku otsatirawo mfundo zathu zija zinakhala m'chikwama. Tinayamba kufunsa zomwe timayenera kufunsa kalekale: kodi kumeneko mumaphunzira chiyani? Anatiuza kuti chaka choyamba nsomba sanaigwire kwenikweni, kunali masamu, Chemistry, Biology ndi Physics, ndipo ena omwe anabwera akuyesa kuti azidzangowedza anavutika. Kenaka kumabwera za madzi ndi kayezedwe kake, kapangidwe ka chakudya cha nsomba, kaswanidwe ndi kasankhidwe ka mbewu, matenda, kayezedwe ka malo ndi kamangidwe ka madamu, kawerengedwe ka nsomba zomwe zili m'nyanja, kasungidwe ka nsomba zikagwidwa, za malonda, ndi kalankhulidwe ndi alimi. Nkhani ya matenda anaitchula mwamantha ndithu. Mu 2020 ku Mchinji kunabuka matenda otchedwa EUS, omwe amatulutsa zilonda pathupi la nsomba, ndipo amatha kuyenda ndi ukonde kapena mbewu yochokera kudamu lina. Ndiye chifukwa chake ukonde wobwereka sauloleza m'damu la bambo ake usanaumitsidwe padzuwa.

Tsiku lina anatigwiritsa ntchito yomwe sitidzaiiwala. Anakoka nsomba zingapo, natiphunzitsa kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi poyang'ana kunsi kwa mimba. Ife zonse zinkaoneka zofanana. Anatsekula kamwa la ina, ndipo m'kamwamo munali mazira achikasu. Makumba, monganso chambo, yaikazi imafungatira mazira ndi tiana m'kamwa, ndipo masiku onsewo siidya. Ndiye yaikazi imakula pang'onopang'ono kuposa yaimuna. Vuto lina n'lakuti makumba amayamba kuswana akadali aang'ono, damu n'kudzaza tiana tolimbirana chakudya, mlimi n'kudzakolola nsomba zambiri koma zonse zonga zala. Ichi n'chifukwa chake odziwa amayesetsa kuweta zazimuna zokhazokha. Chilunguni chili ndi khalidwe lina, chimaikira mazira pansi ndipo chimadya masamba, moti mlimi wosauka akhoza kuchiponyera masamba a mbatata. Tinazindikira kuti mawu oti "nsomba" tinkawagwiritsa ntchito ngati munthu woti ng'ombe, mbuzi ndi kalulu zonse amangoti nyama.

Za asodzi osaphunzira aja tinamukumbutsa. Sanatsutse kuti amadziwa zambiri. Anatchula chilumba cha Mbenje ku Salima, komwe mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja kuyambira kale, popanda digiri ya munthu. Koma anati nyanja yomwe agogo ankaidziwa si yomwe ilipo lero. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupifupi 5.5 miliyoni m'dziko muno, wa 2018 anapeza oposa 17.5 miliyoni, pomwe nyanja ndi yomweyo. Ku Malombe chambo chinali mbwee, koma chinatha mochititsa mantha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990, mpaka mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake aziteteza. Nyanja ya Chilwa, kwawo kwa matemba athu aja, inaphwa mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kutheratunso mu 2018. Lero nsomba yochuluka pamsika ndi usipa, ndipo chambo chasanduka ndiwo ya alendo olemekezeka. Ife tomwe, pa zaka 20 zathuzi, tikhoza kuwerenga masiku omwe tinadya chambo chathunthu patokha. Kunja zinthu zinatembenuka kale: bungwe la FAO linalengeza kuti mu 2022, koyamba m'mbiri, nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi zochita kuweta zinaposa zogwidwa m'nyanja ndi m'mitsinje. Kuno zoweta zikadali kadontho, ngakhale kuli makeji a Maldeco ku Mangochi ndi malo ofufuzira a boma ku Domasi.

Tinamufunsa chifukwa chake, ngati makumba ndi ochedwa chonchi, osangotenga mtundu wokula msanga womwe alimi a ku Siavonga ku Zambia amaweta pa nyanja ya Kariba. Apa anayankha ngati munthu amene wakanganapo kale nkhaniyi m'kalasi. Mtunduwo ndi Nile tilapia, ndipo malamulo athu saulola. Damu likagumuka, monga linachitira la bambo ake, nsomba zimalowa mumtsinje. Nile tilapia ikafika m'nyanja ya Malawi ikhoza kukwerana ndi chambo n'kuchisokoneza mtundu mpaka kale, m'nyanja yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko. Ku nyanja ya Victoria anaikamo Nile perch m'zaka za m'ma 1950, ndipo mitundu yambirimbiri ya nsomba za komweko inazimirira. Koma sanabise kuti mlimi amene akuona nsomba zonenepa za ku Zambia zikugulitsidwa m'tauni, iye akudikira miyezi 6 kuti makumba afike magalamu 100, ali ndi chifukwa chodandaulira. Anati ntchito yomwe akuifuna ndi imeneyo, yosankha makumba okula msanga mbadwo ndi mbadwo monga akuchitira ku Domasi, kuti mlimi asamachite kusankha pakati pa mimba yake ndi nyanja.

Pali nkhani ina yomwe inatigawa, ndipo owerenga magazini ino aimvetsa msanga. Madzulo a tsiku la ngozi lija kunabwera bambo wina wa kalabu ya alimi a nsomba. Atamva za nsomba 41 zija anaseka. "Akulu, tinakuuzani kale, ikani mlamba. Mlamba sufa m'bandakucha." Sananame. Mlamba uli ndi chiwalo chopumira mpweya wa kunja, umapirira madzi oipa, ndipo umakula msanga kuposa makumba. Koma ulibe mamba, ndipo bambo a mnzathu, monga ife tonse oleredwa ndi Levitiko 11, sangaudye. Iwo anawonjeza kuti chomwe sangaike m'mbale mwawo sangaikenso m'mbale ya mnzawo pofuna ndalama. Mwana wawo alibe mwayi wongoukana chonchi. Mlamba uli pa silabasi. Waugwira, wautumbula, waphunzira kubaya waukazi jakisoni kuti uikire mazira, ndipo adzaulembera mayeso. Akadzakhala mlangizi, alimi ambiri omwe adzamufunse nzeru si a mpingo wathu, ndipo ena mlamba ndi womwe ungawatulutse mu umphawi. Adzawakanize nzeruzo? Mmodzi wa ife anati kuphunzitsa si kudya, monga namwino wathu amasamalira wodwala aliyense. Wina anati kulangiza munthu kuweta n'chimodzimodzi kumupakulira. Namatemba anati damu lake lidzakhala la nsomba za mamba, koma mlimi wobwera ndi mlamba wodwala sadzamubweza. Tinagona tisanamvane, ndipo mpaka lero sitinamvane.

Tisanamizire kuti amalume aja analibe mfundo. Usiku womaliza tinakhala pansi ndi pensulo. Katumbu, ng'azi ndi akakowa akatengako gawo lawo, mwina mudzatsala nsomba 500. Iliyonse ikafika magalamu 100, ndiye makilogalamu 50. Muchotsepo ya mbewu, ya gaga, ya laimu. Chotsalacho sichingalipire semesita ngakhale imodzi. Chakudya chabwino choyandama, chomwe chimakulitsa nsomba msanga, chambiri chimachokera kunja ndipo mtengo wake mlimi wa damu limodzi saufikira. Ntchito za m'boma za nsomba n'zowerengeka, makampani oweta nsomba ndi ochepa, ndipo kuyamba pawekha kumafuna malo a madzi osaphwa ndi mpamba, zomwe mtsikana wongomaliza kumene sukulu sakhala nazo. Iye zonsezi amazidziwa kutiposa. Chomwe anatifunsa n'chakuti: "Nanga inu, amene anamaliza zauphunzitsi zaka ziwiri zapitazo, onse ali pa ntchito?" Tinakhala chete, chifukwa aliyense wa ife ali ndi m'bale kapena mnansi amene ali ndi pepala la uphunzitsi koma akudikirabe kuitanidwa, akuphunzitsa pa sukulu yapulaiveti pa malipiro osakwana thumba la feteleza. Chitsimikizo chomwe tinanyamula kuti tikamugulitse, ifenso tinalibe.

Chomwe chatsala nafe kwambiri n'chokhudza ntchito yathu. Zaka ziwiri zikubwerazi tidzaima kutsogolo kwa ana a Fomu 4 pa nthawi yodzaza mafomu. Tikudziwa momwe zimakhalira chifukwa zinatichitikira. Wanzeru amauzidwa udokotala, wolankhula amauzidwa zamalamulo, ndipo za ulimi, nkhalango ndi nsomba zimasungidwira amene mapointi awo achuluka. Palibe mphunzitsi anatiuzapo kuti ku Bunda kapena ku Mzuzu University kuli maphunziro a nsomba, kapena kuti ku Mpwepwe ku Mangochi kuli koleji ya zausodzi. Mnzathu anazipeza yekha, ndipo mphotho yake kwa ife inali dzina lachipongwe. Ife amene tinaseka ndi omwe tikupatsidwa choko. Mmodzi wa ife walemba kale m'pulani yake ya teaching practice kuti phunziro la respiration adzaliyamba ndi funso loti n'chifukwa chiyani nsomba za m'damu zimafa m'bandakucha osati masana. Kaya woyang'anira adzazilola, tidzaona.

Pobwerera tinatsikira ku Limbe, poti ndalama ya minibasi inali ya eni ake ndipo tinayenera kukapereka lipoti. Tinawapeza amalume akuyeza misomali. Tinawafotokozera zonse, za zitosi, za ndowa, za nsomba 41, ngakhalenso za makilogalamu 50 osakwana fizi. Mmodzi wa ife, amene mpaka pano akuona kuti amalumewo akunena zoona, ananena maganizo ake poyera, ndipo sitinamuletse. Awirife tinati uthenga sitinaupereke, ndipo sitiupereka.

Anatiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye ndinatuma anthu atatu, abwerako ndi mayankho awiri," anatero. Kenaka anafunsa kuti nsombazo akolola liti. Tinati mu Epulo. Anati semesita ino alipira, zinazo adzanena akadzaona ndi maso awo, ndipo sikelo adzabweretsa yawo ya mushopu chifukwa ya kumudzi saikhulupirira.

Sabata yatha Namatemba anatitumizira uthenga. Katumbu analowa usiku pansi pa mpanda wa nsungwi, ndipo bambo ake apeza mitu 9 pakhoma. Akuti tikamabwera mu Epulo tisadzavale nsapato zoyera ngati ulendo watha, ndipo mmodzi wa ife adzagwire kope, chifukwa akufuna nsomba iliyonse idzayezedwe payokha.